Bwalo analipulumutsa ndi penti, nanga mtsinje aupaka chiyani?

Sabata ino tisiye kaye za mtengo wa chimanga ndi ziphaso za khonsolo. Ndikufuna ndikutengereni ku America, mumzinda wa Paterson m'chigawo cha New Jersey, kumene kuli bwalo la masewero limene linatsala pang'ono kufa, ndi mtsinje umene ukudwala mpaka lero. Ziwirizi n'zoyandikana. Bwalo lili pamtunda, mathithi a mtsinjewo ali m'munsi mwake.

Ndikudziwa wina wayamba kale kung'ung'udza kuti za kunjazo zikutikhudza bwanji ife ogulitsa bonya. Dekhani, akuluakulu. M'nkhani imeneyi muli komiti, muli mavoti, muli zinyalala, muli ngakhale msika umene boma linauimitsa malonda pa mlandu umene ogulitsa sanapalamule.

Paterson ndi mzinda wa anthu pafupifupi 160,000, suli kutali ndi New York. Unayamba mu 1792 chifukwa cha mathithi a mtsinje wa Passaic otchedwa Great Falls, amene madzi ake amagwa mamita 23. Alexander Hamilton, nduna yoyamba ya zachuma ya dzikolo, ndi anzake anaona kuti mphamvu ya madzi amenewa ingathe kuyendetsa makina. Basi mafakitale anamera ngati bowa: a nsalu, a mfuti za Colt, a mitu ya sitima, kenako a silika, mpaka mzindawo unapatsidwa dzina loti Silk City. Lero ambiri mwa mafakitalewo anatseka kalekale. Okhalamo ambiri ndi anthu akuda ndi obwera ochokera ku Peru, Dominican Republic, Bangladesh ndi maiko a Aluya, anthu a geni ngati inu ndi ine.

Tsono baseball n'chiyani? Ndi masewero a anthu 9 mbali iliyonse. Wina amaponya kampira kolimba kokula ngati lalanje, wina amakamenya ndi chibonga, akakamenya amathamanga kuzungulira malo anayi kuti abwerere pamene anayambira. Akabwerera asanamugwire, chimenecho ndiye chigoli. Kumeneko anthu amaukonda mpirawu monga mmene ife timafera wamiyendo.

Koma panali tsankho loopsa. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mpaka 1947, maligi akuluakulu sankalola munthu wakuda kusewera. Panalibe lamulo lolembedwa, eni matimu anangopangana pakamwa. Anthu akuda sanakhale pansi n'kumalira ayi. Anayambitsa maligi awoawo, ndipo mu 1920 mkulu wina dzina lake Rube Foster anakhazikitsa Negro National League. Vuto linali malo. Matimu ambiri a anthu akuda analibe bwalo lawolawo, ankachita lendi kwa ena, kusewera tsiku limene mwini bwalo sakulifuna. Inu amene munagulitsapo pa benchi ya mnzanu mukudziwa kuwawa kwake.

Bwalo la Hinchliffe linatsegulidwa mu 1932, nthawi imene chuma cha America chinali chitagwa chagada. Analimanga ndi simenti, looneka ngati chilembo cha U, lokwana anthu 10,000, ndipo analitcha dzina la meya wa nthawiyo, John Hinchliffe. Kuyambira 1933 timu ya New York Black Yankees inkasewera pamenepa ngati pakhomo pake, ndipo ina yotchedwa New York Cubans inakhalaponso. Akatswiri ngati Josh Gibson, Oscar Charleston ndi Cool Papa Bell anapondapo. Panalinso nkhonya, mipikisano ya magalimoto ndi masewero a ana asukulu.

Mwana wa mumzindamo amene anatchukitsa bwaloli ndi Larry Doby. Anaphunzira pa Eastside High School, ndipo mu 1942 timu ya Newark Eagles inamuyesa pa Hinchliffe pomwepa n'kumutenga. Pa 5 July 1947 analowa timu ya Cleveland Indians, kukhala munthu wakuda woyamba mu American League, patangopita masabata 11 Jackie Robinson atathyola mpanda womwewo ku Brooklyn Dodgers. Tsiku limene anafika, osewera anzake ena anakana kumupatsa dzanja. Chaka chotsatira timuyo inatenga chikho cha World Series, iye ali momwemo.

Ndiye mungaganize kuti malo otere anthu akanawasamala ngati dzira. Ayi ndithu. Mu 1963 bwaloli linaperekedwa m'manja mwa oyang'anira masukulu a mumzindamo. Mafakitale atayamba kutseka, msonkho unachepa, ndipo mukudziwa kuti ndalama zikavuta choyamba kuiwalika ndi kukonza zinthu. Mng'alu wa chaka chino ankati tidzaona chaka chamawa. Pofika 1997 anakhoma mageti. Mitengo inamera pamene pankakhala anthu oonerera, makoma anadzaza zolembalemba, osowa pogona anasandutsa zipinda zake nyumba. Ana obadwa nthawi imeneyo anakula akudziwa kuti pamenepo ndi pabwinja basi.

Amene anayamba kukuwa sanali nduna kapena mpondamatiki. Mu 2002 anthu wamba ochepa, mmodzi mwa iwo Brian LoPinto amene anakulira pafupi ndi bwaloli, anapanga gulu lotchedwa Friends of Hinchliffe Stadium. Analibe ndalama zomangira. Chimene anali nacho ndi khama lofufuza m'manyuzipepala akale kuti apeze umboni wa amene anasewerapo, ndi liuma losatopa kupita kumisonkhano.

Tamverani mmene ulendo wake unayendera, muone kuti zinthu izi sizichitika ndi msonkhano umodzi. Mu 2004 bwaloli linalowa m'kaundula wa boma wa malo a mbiri. Koma polemba, analilemba kuti ndi lofunika kwa anthu a m'deralo chabe, osati dziko lonse. Mawu amodzi amenewo anatsekereza thandizo la ndalama limene likanachokera ku boma lalikulu. Mwaona kuopsa kwa pepala? Inu a makomiti a misika, muziwerenga zimene akulemberani musanasaine. Safunsa anadya phula.

Mu 2009 anthu a mumzindamo anavota kuvomereza kuti pagwiritsidwe ntchito $15 miliyoni kukonza bwaloli ndi malo ena a masewero. Voti inadutsa bwinobwino, koma bwalo linakhalabe bwinja. Mu 2010 bungwe la National Trust for Historic Preservation linaliika pa mndandanda wa malo 11 a mbiri amene ali pangozi kwambiri m'dzikolo. Mu 2013 boma linakonza cholakwa chija, n'kulengeza kuti Hinchliffe ndi chuma cha dziko lonse. Mu April 2014 anthu mazanamazana, ana asukulu ndi akuluakulu omwe, anabwera ndi mabulashi kudzapaka penti makoma aja, popanda wowalipira. Kumapeto kwa chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya America inavomereza kuti bwaloli lilowe m'malire a paki ya boma ya Great Falls, nkhani imene phungu wa deralo, malemu Bill Pascrell, anailimbikira kwambiri.

Penti ija sinakonze mng'alu ngakhale umodzi. Koma inachita chinthu china: akuluakulu anaona ndi maso kuti bwinja ili lili ndi eni ake. Munthu amene wapereka tsiku lake kupaka khoma, mawa mukati mukuligwetsa abwera kudzafunsa.

Ntchito yaikulu inayamba mu April 2021, meya ali André Sayegh, ndipo mmodzi mwa omanga anali Baye Adofo-Wilson, mwana wa mu Paterson momwemo. Zonse pamodzi zinadya ndalama zoposa $100 miliyoni, gawo lalikulu kuchokera ku ndondomeko za boma zochotsera msonkho anthu oika ndalama pa ntchito zotere. Sanangokonza bwalo lokha. Anamanganso nyumba 75 za okalamba, malo oimika magalimoto, ndi nyumba yosungiramo mbiri ya maligi a anthu akuda. Mu May 2023 mageti anatsegulidwa, timu ya New Jersey Jackals n'kuyamba kusewerapo. Mu 2025 kunalengezedwa kuti New York Cosmos, dzina la timu imene Pelé anasewera m'ma 1970, ibwerera ku mpira wamiyendo ndipo kwawo kukhala pa Hinchliffe.

Werengani zaka, abale anga. Chitsekereni mpaka kutsegula, zaka 26. Chiyambireni gulu lija, zaka 21. Larry Doby mwini wake anamwalira mu 2003, sanalione bwalo lake litadzuka. Josh Gibson ndiye anapita kalekale mu 1947, koma mu 2024 akuluakulu a baseball ataphatikiza zigoli za maligi a anthu akuda m'mabuku awo, dzina lake linakwera pamwamba pa Ty Cobb pa kamenyedwe ka mpira. Choonadi chimachedwa koma chimafika.

Musaombe m'manja msanga. Mumzinda wosauka ngati Paterson, ena anafunsa ngati n'zoona kuthira ndalama zonsezo pa bwalo pamene masukulu ndi misewu zikulira. Enanso anafunsa kuti ana asukulu, amene ndi eni bwalo, adzapeza mpata wokwanira kodi, kapena timu yolipidwa ndiyo idzatenge masiku abwino onse? Ine ndikuti mafunso amenewa ndi oyenera. Tonse tinaonapo malo akukonzedwa, riboni n'kudulidwa, kenako amene ankavutikira malowo n'kupezeka ali kunja kwa mpanda chifukwa lendi yakwera. Kupulumutsa malo ndi ntchito ina, kuonetsetsa kuti eni ake akulowamo ndi ntchito inanso, ndipo yachiwiriyi siitha.

Tsopano titsike kumtsinje, chifukwa nkhani yowawa ili kumeneko.

Passaic ndi wautali pafupifupi makilomita 130. Kumtunda kwake anthu amamwa madzi ake akathiridwa mankhwala, a ku Paterson omwe. Koma kwa zaka zoposa 100 mafakitale ankauona ngati dzala. Opaka utoto nsalu za silika ankataya madzi awo momwemo, mtsinje n'kumasintha mtundu malinga ndi utoto wa tsikulo. Ndipo mzindawu uli ndi mapaipi akale amene amatenga madzi amvula ndi zonyansa za m'zimbudzi pamodzi. Mvula ikagwa yambiri mapaipiwo amadzaza, zonsezo n'kukhuthukira mumtsinje kudzera m'makomo oposa 20. Izitu zikuchitika ku America, osati kwina.

Choopsa kwambiri chili kumunsi, mumzinda wa Newark. Pa msewu wa Lister Avenue, m'dera la Ironbound, panali fakitale ya Diamond Alkali imene m'ma 1950 ndi 1960 inkapanga DDT ndi mankhwala opha zomera, kuphatikizapo Agent Orange amene asilikali a America anapopera nkhalango za ku Vietnam. Popanga mankhwalawa pamatuluka poizoni wotchedwa dioxin, amene amayambitsa khansa ndipo sawola msanga. Zotsalira ankazitayira mumtsinje. Amene ankagwira ntchito pamenepo anadzachitira umboni m'khoti kuti madzi akaphwa ankatumidwa kukasalaza milu ya zinyalalazo kuti odutsa asaione. Zoona izi?

Fakitaleyo inatseka mu 1969. Mu 1983 ndi pamene anapima dothi n'kupeza dioxin wochuluka zedi. Bwanamkubwa Thomas Kean analengeza kuti pagwa zadzidzidzi, anthu ovala zoyera ngati opita kumwezi anayamba kupukuta misewu, ndipo msika wa zakudya umene unali pafupi ndi fakitaleyo anauimitsa malonda. Imani kaye pamenepo, amayi anga a masamba. Ogulitsa aja sanatayepo kanthu mumtsinje. Eni fakitale anali atadya phindu lawo n'kuchoka zaka 14 m'mbuyomo. Koma katundu amene anthu anayamba kumuopa anali wa ogulitsa. Mtsinje ukaipa, woyamba kulangidwa ndi wogulitsa chakudya.

Mu 1984 malowa analowa m'ndandanda wa Superfund, ndondomeko ya boma yoti wowononga ndiye alipire kuyeretsa. Lamulo labwino, koma makampani ali ndi maloya. Fakitale inagulitsidwa, maina anasintha, wina akuloza mnzake. Kampani ya Maxus Energy, imene inasenza mbali ya ngongoleyo, inalengeza mu 2016 kuti yagwa, ilibe ndalama. Chaka chomwecho bungwe la boma loona zachilengedwe, EPA, linagamula kuti makilomita 13 akumunsi kwa mtsinjewo akumbidwe kuchokera gombe lino mpaka tsidya, achotse matope okwana makyubiki mita pafupifupi 2.7 miliyoni, pansi pake atsekepo ndi mchenga. Mtengo wake $1.38 biliyoni. Mabwalo a Hinchliffe oposa 10 amenewo! Anakumbako pang'ono pafupi ndi fakitale mu 2012, koma pofika 2024, zaka 40 chilowereni m'ndandanda uja, kukumba kwakukulu kunali kusanayambe.

Nsomba ndi nkhanu za kumunsi kwa Passaic n'zoletsedwa kudya. Zikwangwani zilipo, m'Chingerezi ndi m'zinenero za obwera. Koma njala siwerenga chikwangwani, anthu ena amawedzabe. Mpaka makampani okhudzidwa ndi mlanduwu anayambitsa pulogalamu yosinthanitsa nsomba: bwera ndi yako ya poizoni, tikupatse tilapia yabwino, mbale wake wa chambo. Ha! Kuipitsa mtsinje wathunthu, n'kumapepesa ndi nsomba imodziimodzi.

Kodi ndiye kuti anthu wamba pamtsinjepa alephera? Ayi. Gulu la Passaic River Coalition lakhala likulankhulira mtsinjewu kuyambira 1969. Anthu a ku Ironbound, kudzera m'bungwe lawo la Ironbound Community Corporation, akhala pakhosi pa boma ndi makampani chiyambire nkhani ya dioxin, ndipo popanda phokoso lawo fayilo imeneyi ikanagona m'kabati. Bungwe loona za suweji, Passaic Valley Sewerage Commission, linayamba mu 1998 ntchito yochotsa zinyalala mumtsinje. Lili ndi bwato loola zoyandama, ndipo limathandiza magulu odzipereka akafuna kuyeretsa magombe. Matayala, mabotolo, mapulasitiki, zimenezi manja a anthu amatha. Chimene manja sangathe ndi poizoni amene analowa m'matope. Madzi akatayika saoleka.

Pali kankhani kena ka ku Ironbound komweko kamene ndikufuna mukasunge. M'ma 1990 akuluakulu anafuna kulanda paki ya anthu yotchedwa Riverbank Park, m'mbali mwa Passaic, kuti amangepo bwalo latsopano la baseball. Anthu a m'deralo anapanga gulu lotchedwa SPARK n'kukana, chifukwa pamenepo ndi pamene ana awo ankasewerera. Anakana mpaka bwalolo linakamangidwa kwina mumzindamo, n'kutsegulidwa mu 1999. Timu yake, Newark Bears, inasowa oonerera, inatha, ndipo mu 2019 bwalo latsopanolo analigwetsa. Paki ija ilipobe. Ndiye musaganize kuti anthuwa amangokonda simenti ya mabwalo. A ku Paterson anamenyera bwalo, a ku Ironbound anakana bwalo, koma onsewo ankateteza malo amene iwo eni amawadziwa ntchito yake.

N'chifukwa chiyani bwalo linachira msanga kuposa mtsinje? Ine ndikuona zifukwa zitatu. Bwalo lili ndi mwini mmodzi, ukudziwa ofesi yokagogoda, pamene mtsinje umadutsa m'matauni ambirimbiri ndipo aliyense amati zoipa zachokera kumtunda. Bwalo lili ndi tsiku lodula riboni, wandale amajambulitsa chithunzi, pamene matope a pansi pa madzi palibe amene amawajambula. Chachitatu, bwalo linangonyalanyazidwa, palibe amene ankalemera chifukwa cha mng'alu wake. Mtsinje unaipitsidwa ndi anthu amene ankapindula potayamo, ndipo kuwauza kuti abweze ndi nkhondo.

Misika yambiri imene ndikuidziwa ili ndi mtsinje kapena ngalande kuseri kwake, ndipo tonse tikudziwa kumene makoko, matumbo a nsomba ndi majumbo amapita dzuwa likalowa. Sindikunena kuti wogulitsa tomato ndi wofanana ndi fakitale ya dioxin, ayi, ndipo wina asadzagwiritse ntchito nkhani ino kukankhira mlandu wonse pa mavenda pamene mapaipi a makampani akukhuthula usiku. Koma amene amapereka chiphaso tsiku ndi tsiku ali ndi mphamvu yofunsa kuti galimoto ya zinyalala ili kuti, ndipo funso limenelo limalemera kwambiri likachokera kwa anthu amene kuseri kwa benchi yawo n'koyera. Ndi zimene anachita a penti aja: anayamba ndi manja awo, kenako pakamwa pawo panamveka.

Ndipo mukapanga komiti, isakhale ya sabata ziwiri. Sungani makalata, lembani masiku, dziwani dzina la ofesi ndi zimene analonjeza. Wapampando akatopa, wina atenge. A Hinchliffe anaona mameya akubwera ndi kupita, gulu lawo lili pomwepo. Mutu umodzi susenza denga, komanso denga silisenzedwa tsiku limodzi n'kutha.

Lero mwana wa ku Paterson angathe kuthamanga pa bwalo limene Larry Doby anayesedwerapo. Mwana wa ku Ironbound akagwira nkhanu kuseri kwa kwawo, amayi ake ayenera kumulanda n'kuitaya, pa mlandu wa fakitale imene inatseka mwina agogo ake ali ana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Popita kunyumba madzulo ano, tasuzumirani pamlatho muone chimene chikuyandama, mudzandiuze.

Malonda abwino nonse. Tionana sabata yamawa, Mulungu akalola.